Jekete ya ku Joni

Jamali anachoka ku Joni ndi zovala zomwe apolisi anamugwira nazo: ovolosi yothimbirira ndi penti, ndi patapata. Munthu wopanda mapepala sapatsidwa mpata wokalongedza. Bulangeti, foni ndi wailesi yomwe anagulira mkazi wake Fauziya zinatsala m'kachisakasa komwe ankagona, ndipo pomwe ankatsika basi pa Balaka n'kuti zitazolowera kale eni ake atsopano.

Ku Chikweo, kwawo kwa mkaziyo, mlandu unkamudikira. Che Swaibu, malume ake a Fauziya, anali atanena kale kuti mwana wawo watopa kukwatiwa ndi mawu a pa foni. Mkamwini akabwera chimanjamanja, alongedze azipita. Choti alongedze n'chomwe panalibe.

Mlongo wake Lukiya, wogulitsa tomato pa Balaka pomwepo, anangogwira pakamwa.

"Achimwene, mukalowa m'mudzi ndi ovolosi imeneyi, ukwati ukathera pa mjigo musanafike n'komwe pakhomo. Tiyeni ku kaunjika."

Atafika pa milu ya zovala, Jamali anatsitsimuka. Wolipira anali Lukiya, koma wodziwa dziko anali iye. Anakana suti.

"Suti ndi ya munthu wokapempha ntchito. Mjoni amavala ngati sanaganizireko."

Anafukula jinzi yoyera m'mawondo, sikipa yakuda, kapu, ndi nsapato za mphira zomwe imodzi inali yokulirapo pang'ono. Anaikamo nyuzipepala kuti imukwane. Kenaka anaona jekete yobiriwira, yonenepa ngati matiresi, ya ubweya m'khosi ndi chithunzi cha gwape pamtima.

"Dzuwa la Okutobala limeneli?" anafunsa Lukiya.

"Simunayende inu, achemwali. Mjoni amadziwika ndi jekete. Thukuta ndi nkhani yake."

"Imeneyo ndi imodzi yokha Malawi yense, bwana," anatero wogulitsa, akukhazikika bwino pa thumba lomwe anakhalira.

M'minibasi anthu anamupatsa malo ndi ulemu. Podutsa pa Nsanama anaona pawindo munthu wogulitsa nsomba atavala chinthu chobiriwira. Anayang'ana kumbali, nati mwina ndi chizungulire cha kutenthaku.

Atafika ku Chikweo, ana ake anamuthamangira, wamng'onoyo atachita kuuzidwa kuti awa ndi bambo ako. Fauziya, ataonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera, anagwada n'kumupatsa madzi. Anasisita ubweya wa jekete ija ndi chala chimodzi, ndipo Jamali anaona kuti mkaziyo akufuna kukhulupirira. Anamuuza kuti katundu akubwera pambuyo pa thiraki.

Kenaka Che Swaibu anatulukira kuseri kwa nkhokwe. Popeza mlandu unali waukulu, nawonso anali atatchena. Anavala mkanjo woyera, pamwamba pake jekete yobiriwira, ya ubweya m'khosi, gwape pamtima. Thukuta linkachita kudontha m'ndevu.

Anakhala pa mkeka moyang'anizana, agwape awiriwo akuyang'anana.

"Salaam aleikum, Che Jamali. Mwayenda bwanji?"

"Aleikum salaam. Tayenda bwino, amalume."

"Jekete yabwino. Ya ku Joni?"

"Eya," anatero Jamali.

"Inenso yanga ndi ya ku Joni. Ndinakaitenga ku Joni wa pa Nsanama, Lachiwiri lapitali. Belo lake linali la zomwezi zokhazokha. Wa kabaza ali nayo, mwalimu wa ku madrasa ali nayo." Anapukuta ndevu. "Nanga thiraki ya katunduyo, nayonso ikudzera pa Nsanama?"

Palibe anaseka. Fauziya anadzuka, natola kapu ya madzi ija, n'kulowa m'nyumba. Potuluka ananyamula khasu lomwe mwamunayo anabwera nalo pa ukwati, naliika pa mapazi pake.

Jamali anavula jekete, naipinda, naisiya pa mkeka kuti ana azifunda mu Juni. Ananyamula khasu lija n'kulowera kumsewu. Asanafike pa mjigo nyuzipepala inali itatuluka, ndipo nsapato yakumanzere inayamba kukhwepa.