Injini ya Petulo ya Malemu Haswell

Amock anali atatsegula kale boneti pamene Dainess ankatuluka m'nyumba ndi mabulangete a anthu amene anagona pasiwa. Maliro a mwamuna wake, Haswell, anali asanazizire n'komwe. Phulusa la moto wa pabwalo linali likadali pomwepo, koma mlamu wakeyo anali atalowetsa kale mutu mu Pajero yakale ya mkulu wake, pansi pa mtengo wa mango.

"Alamu, bwelani muone," anatero Amock.

Dainess anayanika mabulangete aja n'kuyandikira.

"Mamotoka awa ku fakitale anali kutuluka mitundu iwili, ina ya dizilo, ina ya petulo. Aliyense muno m'Lundazi anagula ya dizilo. Koma akulu anga, kaya anaganiza chiyani, anasankha iyi ya masilinda sikisi, yomwa petulo ngati chidakwa."

"Ndikudziwa, alamu."

"Ndapeza injini ya dizilo ku Kasungu, ya motoka inachita ngozi. Makaniko akudikila ku boma. Iyi tichotsa, tigulitsa, motoka iyambe kunyamula anthu kuchoka ku Mwase kupita kumsika. Banja lagwilizana."

Banja lagwirizana, ati. Dainess anali atalima fodya pamudzipo mpaka msana kupindika, koma abale a mwamuna wake atakhala pansi dzulo lake kukambirana za katundu, iye anamutuma kukawiritsa tiyi.

Komabe tisamunamizire Amock, sanali wakuba. Ndiye ankabereka mkulu wake kumsana kulowa naye m'chipatala miyendo itatupa, ndipo kumanda analira mpaka anthu kumugwirira. Kungoti alipo anthu ena, chisoni chikawagwira, manja awo amafunafuna chomasula.

Dainess anayang'ana injiniyo. Iye ankadziwa chimene Haswell anaganiza. Tsiku limene anakagula galimotoyo ku Chipata, payadi panali ziwiri zofanana. Wogulitsa analiza ya dizilo, utsi wakuda unatuluka, ndipo Dainess, amene anali ndi mphumu kuyambira utsikana wake, anabanika mpaka kukhala pansi. Haswell sanalankhule zambiri, anangoloza inayo. Anzake anamuseka zaka zonsezi, ena mpaka kumutcha bwana wa petulo, koma iye sanatchulepo chifuwa cha mkazi wake pagulu. Ankangoti, "Ine ndimakonda kulila kwake."

Ndipo kulira kwakeko Dainess ankakudziwa galimoto ikadali kutsidya kwa dambo. Za dizilo zimabwera zikugogoda. Ya Haswell inkabwera motsitsa mawu, monganso mwini wake.

"Alamu, injiniyi musachotse," anatero. "Utsi wa dizilo umandibanikitsa. Ndiye chifukwa akulu anu anagula iyi."

Amock anatulutsa mutu m'boneti. Zinkaoneka kuti nkhaniyo ankaimva koyamba. Anapukuta manja pa buluku kwa kanthawi, koma munthu amene wauza kale makaniko sabwerera msanga.

"Pepani, sindinadziwe. Koma simudzakwela tsiku ndi tsiku, alamu. Nanga ikakhala pano, ayendetse ndani? Ana ali ku Lusaka. Idzangokhala khola la nkhuku."

Dainess anatenga makiyi m'thumba la diresi lake lakuda n'kumupatsa.

Amock anamangirira batire imene anabwera nayo, chifukwa galimotoyo inali itaima kuyambira nthawi ya dzinja pamene Haswell analeka kuyenda. Anatsegula chitseko n'kukhala. Mawondo ake anagunda chiwongolero.

"Nanga wasuntha mpandowu ndani?"

Haswell anali wamtali kuposa mng'ono wake, ndipo mpando wake unkakhala kumbuyo kwenikweni. Tsopano unali utakankhidwira kutsogolo mpaka pothera. Amock anawerama kuti aukoke, koma dzanja lake linaima. Anatsika, n'kugwada pafumbi, mutu uli pansi pa chiwongolero. Anakhala choncho nthawi yaitali, moti Dainess anaganiza kuti waona njoka.

"Alamu," anaitana, mawu atasintha. "Izi munali kuzidziwa?"

Dainess anasuzumira. Pa zopondera zonse zitatu, cha kilatchi, cha buleki ndi cha moto, panali timatabwa ta mlombwa, tosemedwa bwino, tomangidwa ndi mabawuti atsopano.

Haswell atayamba kudwala anakakamiza mkazi wake kuti aphunzire kuyendetsa. Dainess anayesapo kamodzi, koma ndi kufupika kwakeko mapazi sanafike pa zopondera. Onse awiri anaseka mpaka misozi, Dainess n'kunena kuti za magalimoto zimusiye. Nkhaniyo ankayesa kuti inathera pomwepo.

"Anachita liti zimenezi?" anafunsa Amock. "Munthu sanali kutha ngakhale kuimilila."

"Kaya, alamu. Mwina pamene ndinali kupita kumunda."

Onse awiri ankaona chinthu chimodzi m'maganizo: bambo wamkulu uja akukwawa kuchoka pakhonde mpaka pamtengo wa mango, sipanala ili m'dzanja. Amock analira, osati monga analirira kumanda, koma mwakachetechete, chipumi atachitsamiritsa pampando.

Atadzuka anapita kutsogolo n'kutseka boneti pang'onopang'ono. Anazungulira, nakakhala kumpando wa wokwera, makiyi atawasiya pamalo pake.

"Kwelani, alamu. Makaniko ndimuuza kuti asadikile. Muyambe ndi chopondela cha kumanzele, muchiponde mpaka pansi."

Dainess anakwera. Chiwongolero chinali pafupi, msana unakhala bwino. Pofuna kuponda, patapata wake anavuka n'kugwera pansi, phazi n'kufika pathabwapo lili losavala kanthu. Anayendetsa chala cha kuphazi m'mbali monse. Haswell ankadziwa kuti mkazi wake pakhomo amakonda kuyenda wopanda nsapato, ndipo anali atapalapala thabwalo mpaka kusalala, osasiya ngakhale kachisonga kamodzi.