Mwendo wa Che Abdulwahab

"Mungosaina apa, bambo, tiyambepo," anatero Raymond akupereka cholembera.

Che Abdulwahab sanachilandire. Anakhala pakhonde la nyumba yawo ku Nselema, buluku la kumanja litapindidwa pabondo.

Raymond anali wakafukufuku wochokera ku Blantyre, chitupa chili lende pakhosi ngati belu la ng'ombe. Ankafufuza mmene anthu odulidwa miyendo akuzolowerera moyo, ndipo anali atanena kale kawiri kuti zotsatira zake zikawerengedwa kunja.

"Pepala lomaliza kusaina ine linandidyera mwendo," anatero Che Abdulwahab. "Ili likufuna chiyani? Winawu?"

"Iyayi, bambo, awa ndi mafunso chabe. Mwachitsanzo, kuyambira wani mpaka faifi, mukukhutira bwanji ndi moyo wanu?"

"Ndiyambe ndine kufunsa. Mwendo wanga uli kuti?"

Raymond anayang'ana m'tabuleti. Funsolo munalibe.

Mayi Yasmin, akazi a Che Abdulwahab, anasiya kupeta nandolo. "Shuga ndiye anaudya, achimwene, za kudulako sitikangana ndi munthu. Koma ife Asilamu chiwalo sititaya. Timachikulunga m'nsalu n'kukachikwirira kumanda. Ashehe anadikira, kadzenje kanakumbidwa. Kuchipatala anati bwerani mawa. Mawa lake anati amene akudziwa ali pa holide. Mwezi wachisanu ndi chiwiri uno."

"Zimenezo ndi za achipatala, mayi. Ife ndi a yunivesite."

"Nanga dzina langa munalitenga kuti?" anakalipa Che Abdulwahab, ndodo ikugunda pansi. "Si kuchipatala komweko? Dzina asunga, mudzi asunga, nambala ya foni asunga. Mwendo wathunthu, wa saizi naini, wasowa! Amati ukayenda siya phazi. Ine ndinasiya mpaka katumba, koma zikomo wake palibe."

"Mwina anauwotcha. Ndi mmene amachitira nthawi zambiri."

Raymond anazindikira mochedwa kuti mawuwo sanali a m'maphunziro ake.

"Kuwotcha?" anatero Che Abdulwahab motsitsa mawu. "Ngati zinyalala?"

"Ndangoti mwina, bambo. Mkwiyo woterewu timaudziwa, ndi gawo la kuzolowera. Kumapeto kuli malo olembapo ndemanga zina."

"Ndemanga!"

Anadzuka ndi ndodo zawo ziwiri, natsika khonde, nadutsa pabwalo osayang'ana munthu. Pansi pa mtengo wa mango panali njinga yamoto ya Raymond. Anakhala pampando wakumbuyo, napingasa ndodo pantchafu.

"Bambo, ndili ndi anthu ena asanu lero, mpaka ku Liwonde!"

"Nawonso akufunsani zomwezi. Tiyeni kuchipatala. Inu muli ndi chitupa, akakutsegulirani. Akandiuze m'maso muli gwa. Akatero ndidzakupatsani nambala yanu ya wani mpaka faifiyo."

Raymond anayang'ana mayi Yasmin kuti amuthandize. Iwo analowa m'nyumba, natuluka ndi nsalu yoyera yopindidwa bwino, naiika m'manja mwa amuna awo.

"Mwina ukapezeka," anatero. Kenako anatembenukira kwa Raymond. "Lizani njingayo, achimwene. Kuchipatala amatseka folo koloko."