Mawaya Ofiira a Bambo

Pikapu ya bambo inali ndi mawaya a mtundu umodzi, ofiira okhaokha. Kalekale mawaya a pansi pa dashibodi atapsa, bambo anagula mpukutu umodzi wa waya wofiira n'kulumikiza galimoto yonse okha. Pofuna kusiyanitsa wa nyale ndi wa hutala ankamanga mfundo: wina mfundo kunsonga, wina pakati, wina zothinana. Tanthauzo la mfundozo linali m'mutu mwawo basi. Tsono m'mutumo ndi momwe munadzasokonekera. Bambo akudwala matenda oiwala, ndipo ine mwana wawo, amene ndimadyera kukonza magetsi a galimoto, amanditchula kuti amakaniko.

Tsiku limenelo ndinali chagada pansi pa chiwongolero kuyambira m'mawa, miyendo ili panja, ndikusakasaka chimene chinapha fani ya hita. Achemwali anga anali atabwera kudzawatenga bambo kuti azikakhala nawo kwawo, kufupi ndi chipatala, poti kuno kuwasamala kunali kutatikanika. Ulendo wake ndi wautali, kunja kunkazizira, ndipo bambo anali atangochira chibayo. Vuto linali loti sakwera galimoto ina iliyonse. Tinayesapo basi, anakakamira chitseko ngati tikuwaba. Galimoto ya alamu anakana ndi kuyiyandikira komwe. Pikapu yawo yokha ndiyo ankakwera popanda phokoso.

Achemwali anabwera n'kuima pafupi ndi mapazi anga.

"Achimwene, hita ikapanda kugwira ine sindiwanyamula. Sindikufuna akatsikire pa bedi la kuchipatala."

"Ndamva."

"Paja munati ndi zazing'ono."

"Ndi zazing'ono pa galimoto za anthu ena. Iyi ndi ya bambo."

Ndinayambira pa fyuzi, monga aliyense amachitira. Pa chivundikiro cha bokosi lake panalembedwa bwinobwino kuti ya fani ndi iti, koma nditaizula chimene chinazima ndi wailesi. Ndinazizula zonse imodziimodzi, zonse zinali zamoyo. Kenako ndinamasula mota ya fani n'kuilumikiza ku batire mwachindunji. Inazungulira mwaukali mpaka kundiwaza fumbi ndi zinyalala m'maso. Mota inalibe mlandu.

Ndinagunditsa tesita pa pulagi ya motayo, kababu kake kanayaka. Ndiye kuti magetsi akufika. Ndikalumikiza mota, zii. Ndikaichotsa, kababu kayakanso. Ndinatsuka swichi, ndinasintha kachipangizo kochepetsa liwiro la fani, koma palibe chinasintha. Zikatero ife a ntchitoyi timadziwa kuti waya wadyeka penapake, watsala ndi timawaya tochepa ta m'kati, tokwanira kuyatsa kababu koma tolephera kukoka mota. Kudziwa ndinadziwa ndithu. Nanga penapakepo m'pati, mu mtolo wa mawaya ofanana ngati mapasa?

Ndinamutsata ndi chala waya wochokera pa pulagi. Analowa mu mtolo wokulungidwa tepi, ndipo kutsidya kunatuluka anzake ambirimbiri, onse ofiira, onse a mfundo. Ndinakoka mmodzi, mawaipa anayamba kupukuta galasi louma. Ndinagwedeza wina, hutala inalira pakhutu panga penipeni, ndipo podzidzimuka ndinamenyetsa chipumi pa chiwongolero. Ndinatukwana. Sindinatukwane galimoto ayi, ndinatukwana mwini wake.

Nditatha nzeru ndinapita pakhonde pomwe bambo anakhala atafunda bulangete. Ndinanjuta pambali pawo.

"Bambo, waya wa fani ndi wa mfundo zotani?"

"Fani ya chiyani?"

"Ya hita, mu pikapu yanu. Mfundo munamanga zija."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mwaulemu, monga amayang'anira mlendo.

"Amakaniko, mawaya angawo musawakhudze. Dikirani mwana wanga, akuphunzira zamagetsi. Ameneyo ndiye adzawamvetsa."

Mtima unandiwawa, koma mkwiyo ndiwo unakula. Mwana ankamudikirayo ndi ine, ndipo sindinkamvetsa kanthu. Zaka zonse zimene anali bwinobwino ndinkawauza kuti bambo, ndiloleni ndiike mawaya a mitundu, iwo n'kumangoseka amvekere galimoto siyendera mitundu.

Ndinabwerera n'kuchita zachidule. Ndinakoka waya watsopano kuchokera ku batire, kudzera pa fyuzi yakeyake, kukafika pa swichi ya fani. Fani inazungulira. Ndisanamalize n'kumwetulira komwe, ndinamva fungo la pulasitiki yopsa, ndipo kautsi kanayamba kutuluka mu mtolo muja. Bambo anali atalumikiza fani ndi chinthu china chimene sindikuchidziwa mpaka lero, ndiye magetsi anga ankabwerera chafutambuyo m'mawaya awo. Ndinathamanga kukazula waya pa batire.

Nditasenda tepi ndinapeza zoopsa. Molumikiza monse munali mutachita dzimbiri lobiriwira, mawaya ena ankangoyoyoka m'manja. Achemwali anasuzumira pawindo, fungo lija litawapeza kukhitchini.

"Ndiye mukufuna tiwawotchere m'njira?"

"Achemwali, chonde, kapangeni zina."

"Zovala ndalongedza kale. Ine kuntchito akundidikira, achimwene. Mundiuze zoona, itheka kapena ayi?"

"Itheka."

Ndinatenga pulaya. Kunena zoona galimotoyo sikanayenera kunyamula munthu wodwala ili choncho, ndipo aliyense wa ntchito yanga akanachita zomwe ndinachitazo. Koma ine ndinadula ndi mtima wonse. Waya aliyense amene anandizunza tsiku limenelo ndinamudula tizidutswa n'kumuponya panja, ndipo zinkandikomera. Tsiku lonselo ndi m'mawa wake ndinaika mawaya atsopano, wachikasu, wobiriwira, wakuda, aliyense pa fyuzi yake yoyenera. Ndinawamanga bwino n'kuwabisa kuseri kwa dashibodi, osasiyako ngakhale mmodzi akulendewera. Nditaliza injini n'kuidikira kuti itenthe, ndinapotokola swichi. Mpweya wofunda unadzaza m'galimoto monse, fani ikumvera liwiro lililonse. Ntchito yokongola ngati imeneyo sindinagwirepo.

Tinakweza zikwama kumbuyo. Achemwali anawagwira bambo pamkono, iwo n'kukwera okha mosavuta, kukhala pampando wawo. Ndinatseka chitseko n'kuzungulira kukakhala pa chiwongolero.

"Mukumva kufunda, bambo?"

Dzanja la bambo linali litapita pansi pa dashibodi, zala zikupapasa m'malere pomwe mtolo uja unkalendewera. Anapapasa kumanja, anapapasa kumanzere. Kenako anawerama n'kusuzumira, ndipo atadzuka nkhope yawo inali ya munthu amene walowa m'nyumba ya eni molakwitsa.

"Amakaniko, galimotoyi ndi yabwino, yofunda bwino. Koma si yanga. Tiyeni titsike mwini wake asanatipeze."

"Bambo, ndi yanu. Onani mpandowu, onani galasi munaswa lija."

"Ayi. Yanga ndimaidziwa ndi manja."

Anatsegula chitseko n'kutsika. Achemwali anawanyengerera, anawaonetsa nambala yake, anawagwiritsa pamene penti inakandika, koma bambo anangopepesa mwaulemu n'kukaima pageti, pamphepo, akuyang'ana kumsewu. Anati pikapu yawo ibwera posachedwa, mwana wawo wapita nayo kokonza.

Achemwali anakawafunditsa bulangete. Pobwerera anagwada pafumbi pambali pa tayala n'kuyamba kutola mawaya ofiira aja. Anandibweretsera odzaza manja awiri.

"Achimwene, abwezereni. Ngakhale asagwire ntchito, angolendewera momwe analili."

Ndinawalandira n'kuwayala pampando wofunda uja. Ndinafunafuna ngakhale mmodzi wautali woti angafike pomwe ankafika, koma panalibe wotalika kuposa chala changa.