Madiresi a Amayi Ake

Chimwalirireni mlongo wawo, a Telala ankakhala ndi mwana wamkazi wa malemuyo m'kanyumba ka kuseri kwa shopu yawo. Anali awiri, koma m'nyumbamo munali zii. Mwanayo anasiya kulankhula. Ukamufunsa kanthu, ankangogwedeza mutu, maso ali pansi.

A Telala sanali munthu woipa, kungoti anali ouma mutu. Maliro atatha, anatsekera madiresi ndi zithunzi za mlongo wawo m'sutikesi pansi pa bedi, ndipo analetsa kutchula malemuyo. "Chilonda sachikanda," ankatero. Masana ankacheza ndi makina osokera. Akaweruka, amalume uku, mwana uko, aliyense ndi chisoni chake. Mtima unkawapweteka, koma analibe womuuza.

Tsiku lina kunabwera kasitomala wodzafupikitsa siketi. Anali mayi wophunzitsa ku yunivesite maphunziro a zosamalira anthu, ndipo kwa zaka zambiri ankafufuza za achibale olera ana amasiye. Anaona mwanayo atadzipinda pakona.

"Ndi wanu uyu, a Telala?"

"Wa mlongo wanga, aphunzitsi. Ndimamudyetsa, ndimamuveka, kusukulu amapita. Koma mawu ake ndinawaiwala. Kaya ndinalakwa chiyani."

"Za amayi ake mumakambirana?"

"Ayi! Ndimulize dala?"

Aphunzitsiwo anakhala pa benchi. "Ndacheza ndi agogo, azakhali ndi amalume ambiri onga inu. Ambiri amabisa chonchi chifukwa cha chikondi. Koma mwana akaona kuti amayi ake satchulidwa, amaganiza kuti kuwasowa ndi mlandu, ndiye amatseka pakamwa. Muloleni alire, inunso mulire naye. Komanso Loweruka lililonse achibale olera ana timakumana m'kalasi mwanga. Bwerani. Mutu umodzi susenza denga."

A Telala anayankha mwaulemu, koma mumtima ankati, za m'mabuku izi. Anapirira mpaka Lamlungu, pamene anapeza mwanayo atagona pansi, dzanja lili pa sutikesi ija. Apa kuuma mutu kunatha. Anaikoka n'kuitsegula.

Mwanayo anatola diresi lobiriwira, analinunkhiza, kenako analira kulira kumene sanalire pamaliro. A Telala nawo misozi inangoti mbwembwembwe.

"Ili ndinasoka ndine," anatero. "Amayi ako anandibweza nalo katatu, akuti manja ndi opotoka. Anali ovuta amene aja!"

"Amalume," linamveka liwu laling'ono, "manjawo ndi opotokadi."

Anaseka onse, misozi isanaume. Sabata yomweyo a Telala analichepetsa diresilo kuti limukwane.

Loweruka anapita kuyunivesite, mwana ali pambali. M'kalasimo anapeza anzawo odzaza mabenchi, aliyense atabwera akuganiza kuti vutoli ndi lake yekha. Kumbuyo kunakhala ophunzira, ongomvetsera. Aphunzitsi aja atawapempha kuti alankhule, a Telala anaimirira.

"Ine sukulu sindinapite nayo patali," anatero. "Koma anzanga, mukatenga mwana wa m'bale wanu, chakudya ndi zovala pazokha sizikwana. Musamubisire kholo lake, muzilitchula. Ndipo inu olera, musavutike nokha m'nyumba, funani anzanu. Ine ndinatsala pang'ono kutaya mwana ndili naye m'nyumba momwemo."

Pobwerera, mwanayo analongolola njira yonse, ndipo a Telala sanamudule mawu.