Kabedi Kawoloka, Agogo Atsala

Akaima pakhomo pa apongozi ake, Mavzuna ankaona denga la nyumba imene anabadwiramo. Linali tsidya lina la mtsinje wa Panj, ku Tajikistan, pafupi moti amayi ake akayanika mabulosi padengapo iye ankadziwa. Koma chibadwire Parwina, amayiwo anali asanamugwirepo mdzukulu wawo.

"Andikanizanso viza," anatero amayi akewo, mayi Davlatbegim, pafoni. "Poyamba ankafuna zithunzi, ndinapereka. Kenako kalata yondiitana, yodinda ku Kabul. Lero akuti popeza nkhondo yatsikira m'chigwa chanu, mlendo aliyense akhale ndi mwamuna wa m'dzikomo wodzamulandira pamlatho. Ndawafunsa kuti kodi ndi mano anga otsalawa ndikuoneka ngati kazitape?"

Mavzuna sanaseke. Mwamuna wake Qurban, dalaivala wa lole, anatsekeredwa ku Faizabad chitsekereni msewu, ndipo m'nyumbamo munalibe mwamuna wina.

"Nanga kabedi, amayi?"

"Kali pano, ndakapenta kale. Kakungondiyang'ana."

Kabedi kogwedeza ka mwana woyamba kamachokera kwawo kwa mkazi, ndipo agogo akuchikazi ndiwo amagonekamo mwanayo koyamba. Kufikira tsikulo Parwina ankagona pachifuwa pa amake. Mzinga ukalira kuseri kwa mapiri mwana ankadzidzimuka, Mavzuna nayenso n'kudzidzimuka, osadziwika amene akuopseza mnzake.

Apongozi ake, mayi Sabzagul, anali akumva zonse uku akuthira mchere mu tiyi wamkaka.

"Tatopa nawo anthu opanda viza," anatero. "Kathu kali m'nkhokwe umo. Qurban anagona momwemo, kodi anamera nyanga? Mawa ndikatulutsa."

Mavzuna ankadziwa kuti m'kabedi kameneko munagonanso ana ena awiri amene sanafike poyenda. Ankadziwanso zimene amayi a pachitsime adzanene: mkazi wa kutsidya alibe abale, mpaka kabedi achita kumubwereka.

"Musakatulutse, amayi. Loweruka ndikupita kumsika wa pachilumba."

"Ndi khanda limeneli? Pamwamba pa madzi othamanga, mfuti zikulira? Sukulu inakulowa udyo iwe."

Msikawo unali pakati pa mtsinje, mlatho uku mlatho uku. Anthu a mbali zonse ziwiri ankalowamo popanda viza, kungosiya chiphaso pageti, bola aliyense atulukire kumene walowera. Unkatsegulidwa mwa apo ndi apo, ndipo ankanena kuti ukatsekedwanso ulendo uno ndiye basi.

Loweruka Mavzuna anakulunga mwana mumpango waubweya n'kutsetsereka. Njira yonse maso ake anali uku ndi uku: galimoto ya asilikali yoima modutsa msewu, sitolo ziwiri zosatsegula, agalu osauwa. Pamlatho sanayang'ane madzi. Ankangomvetsera kupuma kwa mwana pakhosi pake.

Mkulu wa asilikali a pageti, bambo wa ndevu zaimvi dzina lake Nazar, anatenga chiphaso chake n'kuloza mtolowo.

"Uyu ndiye katundu wanu wogulitsa, achemwali?"

"Ndabwera kudzagula."

"Fulumirani. Lero sititha dzuwa."

Amayi ake anawapeza pakati pa wogulitsa sopo ndi wogulitsa makapeti, atakhala pa kabedi kobiriwira ngati akuopa kuti kathawa. Sanapatsane moni. Mayi Davlatbegim anangotambasula manja, n'kulandira mwana, n'kumununkhiza pamutu kwa nthawi yaitali.

"Mphuno ya agogo ake aamuna," anatero. "Pepa mwanawe, udzazolowera."

Anayala matiresi aang'ono, n'kuika buledi pansi pa pilo. Mpeni umene umaikidwa pambali pa bulediyo asilikali a mbali yawo anali atawalanda. Ali mkati momanga malamba, kumtunda kwa chigwa kunamveka kugunda, kenako kwina. Ogulitsa anayamba kukulunga katundu. Wezulo inalira.

Nazar anabwera akuyenda mofulumira. "Msika watha. Aliyense kwawo." Ataona kabedi, mwana ndi buledi, anapukusa mutu. "Ayi, zimenezi ayi. Pano ndi pamalonda, si pochezera alendo. Wofuna kuona abale akatenge viza."

Mavzuna anagwira mtengo wa kabediko. Iye amene ankathawa ngakhale kufunsa mtengo wa shuga kwa mwamuna wachilendo anamva pakamwa pake pakuyankha.

"Ndi malonda amenewa, bwana. Mayi awa akugulitsa kabedi, ine ndikugula. Kodi nsapato mumagula osayesa?"

"Musandiseweretse, achemwali."

"Sindikusewera. Ndiyese kaye ngati mwana akukwanamo. Kakapanda kumukwana ndidzakabweza kwa yani, inu mutatseka mlatho?"

Wogulitsa sopo, mayi wonenepa wa kwawo kwa Nazar, anaseka n'kukhalanso pansi pa katoni yake. "Zoona, Nazar. Ine ndine mboni ya malondawa. Ukandithamangitsa ndikauza mkazi wako za sopo wonunkhira amene unagula mwezi watha, poti kwanu sanafike."

"Amayi inu mundiphetsa," anatero Nazar. Anayang'ana kumapiri, n'kuyang'ananso wezulo yake, koma sanaiimbe.

Mayi Davlatbegim sanadikire chilolezo. Ananyamula Parwina n'kumugoneka mopingasa, miyendo ikulendewera kunja, monga mwambo ufunira, n'kufunsa mokweza:

"Kodi amagona chonchi?"

Funso limeneli amayankha ndi amayi odzaza nyumba, azakhali ndi anansi, atakhuta mpunga. Apa panali fumbi ndi anthu othawa. Mavzuna anamva manyazi akumukwera kumaso.

"Ayi," anatero wogulitsa sopo.

"Ayi," anateronso amayi awiri amene anali atasenza kale mitolo.

Agogo anatembenuza mwana, mutu kumiyendo. "Nanga chonchi?"

"Ayi!" Mawu amenewa anachokera kumbuyo, okalipa, odziwika bwino. Mayi Sabzagul anali ataima pamenepo, wefuwefu, mpango utapendekeka. Anali atalondola mpongozi wawo kuti adzalande mwana. "Mukumugoneka bwanji mdzukulu wanga ngati thumba la ufa? Kwanu kutsidyako ndi mmene mumachitira?"

"Takulandirani, asewere," anatero mayi Davlatbegim osatembenuka. "Mwachedwa, mpunga watha."

Kenako anamugoneka bwinobwino, mutu pa pilo, n'kumanga malamba pachifuwa ndi m'maondo. "Chonchi?"

"Eya," anayankha onse, ndipo Mavzuna anamva ngati liwu lina lalimuna lalowamo, koma atacheuka Nazar anali akuyang'ana kwina.

"Mpeni uli kuti?" anafunsa mayi Sabzagul atapisa dzanja pansi pa pilo. "Buledi yekha? Anthu inu." Anasolola kampeni kosendera mbatata m'mkono wa diresi lawo, kamene pageti sanakaone, n'kukalowetsa pamenepo akumuyang'ana Nazar m'maso.

Chotsala chinali mtedza wa chigoba cholimba. Amauswera pa mtengo wa kabedi, pamwamba pa mutu wa mwana, kuti asamadzaope phokoso. Mayi Davlatbegim anatola mwala n'kumenya kamodzi. Parwina anadzidzimuka, nkhope n'kufiira, n'kulira mokweza.

"Lira, uthere pompano mantha akowo," anatero agogo ake, akugwedeza kabedi ndi phazi. Anapisa m'thumba n'kutulutsa mtedza wina, n'kuuika m'dzanja la Mavzuna. "Uwu ndi wako. Wamantha weniweni m'nyumba imeneyo ndikumudziwa."

Wezulo inaliranso, ulendo uno mosanyengerera. Asilikali a mbali zonse anayamba kukankhira anthu ku milatho yawo. Mavzuna anagwira mkono wa amayi ake, koma iwo anamasula zala zake chimodzichimodzi.

"Pita. Lolemba ndibwereranso ku ofesi kuja. Adzatopa ndi iwo, ine ndilibe ntchito ina."

Ananyamula kabediko anthu awiri, Mavzuna kumutu, apongozi ake kumiyendo, mwana ali momwemo. Pageti Nazar anawabwezera ziphaso, n'kuyang'ana kabediko mbali zonse.

"Katundu wolowa m'dziko ndiyenera kumusecha."

"Sechani, koma akadzuka mumugoneka ndinu," anatero Mavzuna.

Nazar anakweza chitsulo chotchinga njira.

Ali pakati pa mlatho mzinga unagundanso, pafupi kuposa kale. Mavzuna anagwada pang'ono, kabedi n'kupendekeka.

"Gwira bwino, iwe," anakalipa mayi Sabzagul. "Ugwetsa kabedi ka eni."

Mavzuna anawongoka. Anafinya mtedza uja m'dzanja pamodzi ndi mtengo wa kabedi, n'kuyang'ana tsidya linalo. Pamlatho winawo mpango woyera wa amayi ake unali utaima pakati pa anthu othamanga, msilikali akuukodola, iwo osasuntha mpaka kabedi katafika pamtunda.