Khomo la Roko Woyera

Zaka zisanu ndi ziwiri Roko Woyera wathu anakhala m'chipinda chapansi pa tchalitchi cha Aairishi, pafupi ndi mulu wa malasha. Ife Ataliyana Misa tinkamvera komweko ngati mbewa. Ndiye amuna athu akaweruka ku mgodi ankasenza miyala, mpaka tchalitchi chathuchathu chinaima pachitunda, kuno ku Pennsylvania.

Khomo anamanga ndi mwamuna wanga, Carmine, munthu wamakani ngati bulu. Anayeza chifanizo cha woyerayo ndi chingwe, osafunsa munthu.

Tsiku lomusamutsa, amuna asanu ndi atatu anamusenza pamapewa ali chiimire, monga tinkachitira kwathu. Atafika pakhomo anaima. Carmine anali atayeza woyera yekha, kuiwala chithandala chimene amakhomeredwapo poyenda. Anamutsitsa mpaka m'mawondo, koma mutu unakanabe. Malipenga a oimba otiperekeza anazima limodzilimodzi.

"Timupendeke alowe chogona," anatero Carmine.

Donato, mkulu wa onyamula, anapukusa mutu. "Achimwene, olowa m'tchalitchi chogona ndi maliro okha. Womugoneka Roko ndiye amayamba kumutsatira. Mwaiwala kale za kwathu?"

Ndinamukoka jekete Carmine. "Bambo a Nunzia, gumulani mwala wapamwambawo. Mwala ndi mwala basi."

Iye anayang'ana kutsidya kwa msewu. Aairishi anali atandandalika pampanda, ena akuseka kale.

"Ndigumule tchalitchi tsiku loyamba, awo akuonerera? Kulakwa n'kwanga. Kumutu ndigwira ndine."

Anzake anagwira kumapazi, maso pansi. Roko analowa chagada, mutu wake uli pachifuwa pa mwamuna wanga. Amayi onse anachita chizindikiro cha mtanda, ndipo palibe anakhala nane pabenchi.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinkamusokerera kamendulo m'malaya, iye n'kumandiseka. "Assunta, undilemeretsa, chingwe cha chikepe chotitsitsa mumgodi chiduka." Ndinkamutukwana, kenako n'kuima pazenera mpaka atazimiririka pakona.

Lachitatu lina la mwezi wa Okutobala, wezulo ya ku mgodi inalira masana, nthawi yosakhala yake. Ndinali ndikukanda ufa wa buledi. Sindinathamange ngati akazi anzanga. Ndinasamba m'manja, n'kutulutsa suti yakuda ya Carmine.

Loweruka amuna omwe aja anamusenza pamapewa kukwera chitunda. Atafika pakhomo sanaime n'komwe. Bokosi linalowa bwinobwino, malo n'kutsalako.