Amene Amamuuza Shamima

Ndiye kuti pali amene amamuuza, palibenso njira ina, chifukwa mwana amene unamuthamangitsa pakhomo sangadziwe yekha, ali kuseri kwa mpanda ku Area 43, kuti iwe umatsegula makalata ake Lachisanu ukachoka ku mzikiti. Abdulhamid ankadutsa pakati pa milu ya kaunjika mumsika wa Tsoka atakumbatira laputopu m'jumbo, ndipo aliyense womupatsa moni ankaoneka ngati akudziwa kanthu — mwina ndi Asiatu, mlongo wake uja wa pakamwa posatseka, koma ayi, Asiatu sadziwa n'komwe kuti makinawa amayaka.

Mawu a Shamima, mwana wakeyo, anali akumuluma kuyambira Lachisanu. "Ndimadziwa kuti mumawerenga, bambo. Musavutike kuyankha. Lolemba akandichita opareshoni ya chotupa chija. Ndikangoona kuti mwatsegula, mtima umakhala pansi." Lolembalo linali lero, ndipo iye, m'malo moganiza za chotupa, ankaganiza za kazitape, zimene zinamuchititsa manyazi, manyaziwo n'kumuwonjezera ukali.

Si iye kodi ananena pamaso pa abale onse kuti alibe mwana wamkazi, tsiku lomwe Shamima anapita ndi Mackford, Mkhristu wa kumpoto wogwira ntchito m'boma, popanda nikah, ukwati wa Chisilamu, popanda ngakhale kugwada? Anasintha nambala ya foni. Analetsa dzinalo m'shopu yake yosokeramo. Chimene sanataye ndi laputopu yakale imene mwanayo anasiya, ndi imelo imene anamutsegulira kuti aziitanitsira nsalu — sanataye chifukwa katundu satayidwa, ankadziuza choncho, osati chifukwa china ayi, ndipo akamapita nayo kwa Tusekile wa fotokope kukalumikiza intaneti ankati akukaona masitayilo a masuti.

Tusekile. Nayenso wa kumpoto. Bwanji sanaganize msanga?

"Mumamuuza ndinu," anatero atangofika kwa Tusekile, asanapereke moni.

"Kuuza ndani, madala? Mwadzuka bwanji kaye?"

Anayatsa makinawo n'kumulozera kalatayo. Mayiyo anawerenga, nkhope yake inasintha pofika pa mawu a opareshoni, ndipo Abdulhamid anadana nacho chisoni chimenecho kuposa mmene akanadanira ndi kuseka.

"Si munthu ayi, bambo. Ndi makina anu omwewa." Analowa m'masetingi. "Iye akatumiza amapempha risiti yosonyeza kuti mwatsegula. Inu mukatsegula, risitiyo imapita yokha, ndi tsiku lake ndi nthawi yake. Apa mungasankhe: izipita nthawi zonse, izikufunsani kaye, kapena isamapite n'komwe."

Yokha. Zaka zonsezi iye ankayesa kuti akusuzumira pa kabowo ali mumdima, chikhalirecho wowonedwa ndi iyeyo, ngati munthu woyenda monyada ndi buluku long'ambika kumbuyo, telala wathunthu. Kalata yonena za kubadwa kwa mdzukulu, imene anaitsegula mobwerezabwereza mpaka kuloweza dzina la mwana wosamudziwa, nayonso inakanena. Mwina Shamima ankaseka ndi mwamuna wakeyo patebulo, onani madala ouma mtima aja atsegulanso — kapena sankaseka, kapena ankangoyang'ana karisitiko mwakachetechete monga ankachitira mayi ake, malemu, akamamudikira kuti mkwiyo wake uthe. Koma ndani anamupatsa chilolezo? Anatchera yekha makinawa mwanayo asanachoke, anadziwiratu kuti bambo ake ndi ofooka, ndipo chimenecho ndiye sichikhululukika, kudziwidwa chotere ndi mwana wobereka wekha.

"Tsekani."

"Aziyesa kuti mwasiya kuwerenga. Kapena kuti mwamwalira."

"Ndati tsekani, mayi."

Tusekile anadina, n'kupita kukathandiza bambo wina wofuna fotokope ya chiphaso. Abdulhamid anakhala pa benchi kudikira kuti amve kupepuka. Makina a fotokope ankalira, panja mnyamata wa minibasi ankaitanira anthu a ku Area 25, mumphika wa tchipisi mafuta ankanunkha kupserera, ndipo kupepukako sikunabwere.

Kenako pamwamba pa mndandanda wa makalata panatulukira mzere wakuda, dzina lomwe lija. Dzanja linatsegula mutu usanavomere.

"Bambo, akubwera kudzanditenga tsopano. Foni ndili nayo m'manja."

Anawerenga. Anadikira, ngati kuti pamveka kaphokoso kosonyeza kuti china chanyamuka, koma makinawo anangokhala chete, omvera, monga anawalamulira. Kwinakwake mumzinda womwewu mkazi wovala chinsalu cha kuchipatala ankayang'ana foni yosasintha. Akanatha kuitana Tusekile, anali pomwepo, msana wokha — koma kuitana n'kunena chiyani, pamaso pa mlendo wa chiphasoyo, pakamwa pomwe pano pangotuluka kumene mawu aja? Anadina pamene ankaganiza kuti m'poyankhira. Panatseguka malo oyera, ndipo anaona kuti zilembo za pamakinawa sizinandandalikidwe monga anaziphunzirira ku pulayimale, A kuno, B kutali uko, zobalalika ngati mabatani otayikira pansi. Pakona ya malo oyerawo kamzere kakang'ono kankazima n'kuyaka, kuzima n'kuyaka, ndipo nthawi iliyonse kakazima, iye ankapezeka kuti wasiya kupuma.